MLEMBI SAMERA NGATI BOWA

Dzina la Mangochi likatchulidwa pa misonkhano yathu ya chitukuko, ambiri a ife timaganiza za chambo ndi usipa, za mahotela a m'mphepete mwa nyanja, ndi za alendo amene amabwera kudzaona Cape Maclear. Zonsezi ndi chuma cha dziko ndithu, ndipo palibe angatsutse. Koma pali chuma china chimene boma limeneli lapereka ku mtundu wa Malawi, chimene sitichitchula kawirikawiri, ndicho anthu a cholembera: alembi a mabuku, akonzi a zolembedwa, osindikiza, ndiponso aphunzitsi amene anawagwira dzanja pamene ankayamba kulemba. Lero ndifuna kuti ife atsogoleri a chipani, pamodzi ndi anzathu ogwira ntchito m'boma, tione kumene anthu amenewa anachokera ndi njira imene anayenda. M'mbiri yawo muli phunziro limodzi lalikulu, lakuti mlembi samera yekha ngati bowa mvula ikagwa. Mlembi amaleredwa, ndipo omlera ndi atatu: mphunzitsi, mkonzi ndi wosindikiza. Mmodzi mwa atatuwa akasowa, luso limafera m'mudzi popanda wolidziwa.

Tiyambe ndi chaka cha 1875. M'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho amishoni a ku Scotland anakocheza sitima yawo ya Ilala pa Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda, namanga pamenepo mishoni yoyamba ya Livingstonia. Pakati pawo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ntchito yake inali yolemba mabuku. Alexander Riddel anabwera monga mlangizi wa zaulimi, koma pokhala ndi anthu tsiku ndi tsiku anatchera khutu ku chiyankhulo chawo, ndipo m'chaka cha 1880 anatulutsa buku la malamulo a Chinyanja monga chinkayankhulidwira pa nyanja. Robert Laws anali dokotala, koma ndiye anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, chimene chinatuluka mu 1886, ndipo mu 1894 anatulutsanso buku lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja. Sukulu ya pa Cape Maclear inathandizidwa ndi mphunzitsi wachikuda, Shadrach Mngunana, amene anachokera ku Lovedale ku South Africa mu 1876 namwalira chaka chotsatira. Pamene mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo, ntchito ya pa Cape Maclear inasiyidwa m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoniyo. Motero tikuona kuti mwa mabuku oyambirira a chiyankhulo chimene tikulemba lerochi, ena mizu yawo ili m'boma la Mangochi, ndipo anawalemba ndi mlimi ndi dokotala, mothandizidwa ndi anthu wamba a m'mphepete mwa nyanja amene mayina awo sanalembedwe pa chikuto.

Tisaganize kuti kulemba kunafika ndi amishoni okha. Cha m'ma 1870 mfumu Makanjira inalowa Chisilamu, ndipo mafumu a Chiyao a nthawi imeneyo ankasunga alembi owalembera makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Ansembe a Chikatolika amene anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 anapeza kuti pamudzipo panali kale masukulu a Korani, ndipo ana ankaphunzira kuwerenga pamapazi pa amwalimu awo. Amwalimu amenewa nawonso ndi aphunzitsi a kulemba, ndipo ayenera kupatsidwa ulemu wawo m'mbiri ya dziko lino. Chimene chinavuta nchakuti boma la atsamunda linasiya maphunziro m'manja mwa mipingo, ndipo makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poganiza kuti akawasiyitsa chipembedzo chawo. Zotsatira za nthawi imeneyo tikuzimvabe mpaka lero m'midzi yambiri ya boma la Mangochi.

Mpingo wa Anglican unayenda njira yake. Mu 1901 sitima ya Chauncy Maples, imene inabwera kuchokera ku Glasgow ili zidutswazidutswa, inalumikizidwa kwa Mponda niyamba kuyenda pa nyanja. Ntchito yake sinali kunyamula katundu kokha, koma inalinso sukulu yoyandama yophunzitsiramo aphunzitsi a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Mwa anthu amene mpingo umenewu unalera, amene tiyenera kumkumbukira kwambiri ndi Yohanna Barnaba Abdallah. Iye anaphunzira ku Kiungani pa chilumba cha Zanzibar, anadzozedwa unsembe mu 1898, ndipo anatumikira zaka zambiri ku Unangu, kutsidya kwa nyanja m'dziko la Mozambique, mpaka imfa yake mu 1924. Iyeyu ndiye analemba Chiikala cha Wayao, buku la mbiri ya Ayao ndi mafumu awo monga Mataka ndi Makanjira, ndipo analilemba m'Chiyao. Taonani tsono anthu atatu aja m'mene anagwirira ntchito. Aphunzitsi a ku Kiungani anampatsa cholembera. Dokotala wa boma, Meredith Sanderson, anakonza zolembazo nazimasulira m'Chingerezi. Wosindikiza wa boma ku Zomba analitulutsa mu 1919. Pakadasowa mmodzi mwa atatuwa, bwenzi nzeru za akuluakulu amene Abdallah anacheza nawo zitapita nawo kumanda. Lero, patatha zaka zoposa 100, palibe wophunzira mbiri ya Ayao amene angayende popanda buku limeneli.

Zimene zinachitika ndi Abdallah zinachitikanso m'madera ena a dziko lino. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni m'chigawo cha pakati pamene buku lake la Nthondo linapambana mpikisano wa zolembedwa m'ziyankhulo za mu Africa nilituluka mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. E. J. Chadza ndi J. W. Gwengwe, amene mabuku awo analera mibadwo ya ana a sukulu, nawonso anadzera m'ntchito ya uphunzitsi. Choko ndi bolodi ndiye nazale imene alembi a Malawi anameramo, ndipo mpikisano kapena wosindikiza wachifundo ndiye amene anawaokera m'munda.

Tsopano tifike pa mwana wa Mangochi amene dzina lake linamveka kutali kuposa onse. Jack Mapanje anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango, m'mphepete mwa nyanja, kwa makolo a Chiyao ndi Chinyanja. Sanabadwire m'nyumba ya mabuku kapena m'banja la chuma. Anayamba sukulu ya Anglican pa Kadango pomwepo, napitiriza ku mishoni ya Chikatolika ku Chikwawa, kenaka ku sekondale ya Zomba Catholic. Kuchoka apo anakaphunzira uphunzitsi ku Soche Hill, nagwira choko m'sukulu ya sekondale asanatenge digiri yake ku Yunivesite ya Malawi. Anapita ku London kawiri kukawonjezera maphunziro, ndipo mu 1983 analandira digiri ya udokotala wa ziyankhulo ku University College London. Kodi kafukufuku wake anali wa chiyani? Anali wa m'mene aneni amasonyezera nthawi m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ziyankhulo zimene anayamwira pa Kadango ndizo zinamtengera ku mpando wa ukachenjede, ndipo ili likhale yankho kwa onse amene amanyoza ziyankhulo zathu poganiza kuti zilibe phindu.

Koma ulakatuli wake sunakulire m'kalasi mokha. Cha mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College, koleji ikadali ku Chichiri mu Blantyre, anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group, ndipo Mapanje anali mmodzi mwa oliyambitsa. Ankakumana sabata ndi sabata, wina nkuwerenga ndakatulo kapena nkhani yake, anzake nkumamuuza mosabisa pamene palakwika ndi pamene pakoma. Sipanali malipiro, sipanali thandizo la ndalama lochokera kunja. Mu 1971 gululo linatulutsa kabuku kotchedwa Mau, momwe munali ndakatulo 39. Anthu amene anadzera m'gulu limeneli pa zaka zotsatira ndiwo anadzanyamula ntchito ya zolembalemba m'dziko muno. Steve Chimombo anaphunzitsa pa kolejipo nayambitsa magazini ya WASI. Anthony Nazombe anasonkhanitsa ndakatulo za Amalawi m'buku limene kampani ya Dzuka inasindikiza mu 1990. Ken Lipenga anadzakhala mkonzi wamkulu wa nyuzipepala. Zoonadi mutu umodzi susenza denga: chipinda chimodzi ndi anthu ochepa ofunitsitsa zinapatsa dziko alembi, akonzi ndi aphunzitsi a mbadwo wathunthu.

Mapanje mwiniwake anagwira ntchito zitatu zonse. Monga mlembi, anatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods mu 1981, limene kampani ya Heinemann inasindikiza ku London. Monga mkonzi, anagwirizana ndi Landeg White kusonkhanitsa ndakatulo zapakamwa za mu Africa m'buku la mu 1983, ndipo mu 2002 anakonzanso buku la zolemba za akaidi a ndale a mu Africa. Monga mphunzitsi, anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa Chancellor College ku Zomba.

Pano mpamene ife a ndale tiyenera kutchera khutu, chifukwa mbiri imeneyi ili ndi mbali yake yowawa. Mu 1968, chaka chomwecho chimene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku. Mu 1985 buku la Mapanje linachotsedwa m'masitolo ndi m'nyumba zowerengeramo mabuku. Pa 25 Seputembala 1987 iye anamangidwa ku Zomba natsekeredwa ku ndende ya Mikuyu, kumene anakhala mpaka pa 10 Meyi 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, popanda kutengeredwa ku khoti kapena kuuzidwa mlandu wake. Atatuluka anapita ku Britain ndi banja lake. Kumeneko anaphunzitsa luso la kulemba m'mayunivesite a ku Leeds, Newcastle ndi York, natulutsa mabuku ena, kuphatikizapo mbiri ya ukaidi wake mu 2011. Tiyeni tiwerengere bwino chimene dziko linataya. Aphunzitsi a pa Kadango, a ku Chikwawa, a ku Zomba ndi a ku Soche Hill anamlera ndi thukuta lawo, misonkho ya Amalawi inathandiza kumphunzitsa, koma zipatso za ukulu wake anadya ndi ana a eni kutsidya kwa nyanja zamchere. Tinalima ndife, anakolola ndi ena.

Siyekhayo ayi. Henry Masauko Chipembere, amene kwawo kunali ku Malindi kumene bambo ake anali wansembe wa Anglican, anali phungu wa Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, ndiponso nduna ya zamaphunziro mu 1964. Za ndale zake ndi za kuukira kwa mu Febuluwale 1965 aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo si nkhani yathu lero. Chimene chikutikhudza nchakuti munthuyu analemba mbiri ya moyo wake ali kunja, namwalira ku America mu 1975, koma bukulo linadikira mpaka 2001 kuti lisindikizidwe kuno kwathu, atalikonza Robert Rotberg. Zaka 26 Amalawi sanathe kuwerenga zimene mmodzi mwa omenyera ufulu wawo analemba za ubwana wake ndi za chiyambi cha ndale za dziko lino.

Nawo osindikiza anaona zakuda. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi ya Mangochi, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo patangopita masiku ochepa anthu anakayatsa moto nyumba yosindikiziramo. Moto sunathetse ntchitoyo. Pamalo pomwepo Bambo Piergiorgio Gamba anadzayambitsa magazini ya The Lamp mu 1995, ndipo nyuzipepala ya Chichewa ya Mkwaso inatulukanso kumeneko, achinyamata ambiri naphunzirirapo utolankhani ndi ukonzi. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma limene limatseka pakamwa alembi ake limadzitseka lokha makutu, ndipo limadzamva za mavuto a anthu madzi atafika kale m'khosi.

Lero zinthu zinasintha. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 amateteza ufulu wa kuyankhula m'ndime 35 ndi ufulu wa atolankhani m'ndime 36, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma tisadzinamize poganiza kuti ufulu wokha ubala alembi. Ndende ikhoza kupha luso, koma umphawi ndi mphwayi nazonso zimapha, ndipo zimapha mwakachetechete. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Pakati pa khamu limeneli pali ana ambiri a nzeru za Abdallah ndi lilime la Mapanje. Kodi ali kuti? Ena ali m'bwato usiku kuthamangitsa usipa ndi nyali, chifukwa ndalama ya lero iposa satifiketi ya mawa. Ena maso ali ku Joni, kumene akulu awo anapita nabwerako ndi njinga zamoto ndi malata. Asungwana ambiri akulowa m'banja asanamalize pulayimale. Sukulu yaulere inayamba mu 1994, koma mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo sangathe kuchonga chimangirizo cha mwana aliyense, ndipo mwana amene chimangirizo chake sichinachongedwepo sadziwa kuti ali ndi mphatso.

Muonenso kuti m'ndandanda wa alembi amene ndatchulawa mulibe dzina la mayi. Si chifukwa chakuti amayi a ku nyanja alibe luso. Nthano za madzulo, nyimbo za pamtondo ndi malangizo a ku chinamwali akhala akusungidwa ndi amayi kuyambira kale. Khomo la sukulu ndilo linali lopapatiza kwa iwo. Sekondale ya asungwana ya St Michael's ku Malindi ndi zina zotere zili ndi udindo wodzaza mpata umenewu, ndipo ife tili ndi udindo wozithandiza.

Nanga tichite chiyani? Ndiyamba ndi inu akuluakulu a khonsolo ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera mumakumbukira milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu, ndipo mumachita bwino. Koma mdadada wopanda mabuku ndi nkhokwe yopanda chimanga. Pa mdadada uliwonse umene mumanga, patulani kandalama kogulira kabati ndi mabuku a nthano, a ndakatulo ndi a mbiri olembedwa ndi Amalawi. Mukatero mwathandiza mwana, mwathandizanso wosindikiza amene akulephera kutulutsa mabuku atsopano chifukwa chosowa ogula.

Inu alangizi a maphunziro ndi aphunzitsi aakulu, chitsanzo cha gulu la alembi la ku Chichiri chili pamaso panu. Silinafune galimoto kapena alawansi. Linafuna chipinda, tsiku lokhazikika ndi mphunzitsi mmodzi wokonda ntchito yake. Palibe chimene chingaletse sekondale iliyonse kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Namwera ndi kwa Makanjira kukhala ndi gulu lotere, ndipo palibe chimene chingaletse boma la Mangochi kukhala ndi mpikisano wa chaka ndi chaka wa chimangirizo ndi ndakatulo m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Ntara anadziwika chifukwa cha mpikisano. Amwalimu a m'madarasa aitanidwe nawo, pakuti ana ambiri a m'boma lino amayamba kugwira cholembera m'manja mwawo. Bungwe loona za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi, limene linalowa m'malo mwa bungwe la Chichewa mu 1996, lilipo kuti litsogolere pa kalembedwe koyenera. Wailesi za m'dera lino, monga Dzimwe ndi Radio Maria, zipemphedwe kuwerenga zolemba za ana opambana kuti makolo amve ndi makutu awo dzina la mwana wawo likutchulidwa.

Inu anzanga ogwira ntchito m'boma, musaiwale kuti Riddel anali mlangizi wa zaulimi ndipo Sanderson anali dokotala. Mlangizi wa zausodzi amene wakhala zaka 20 pa gombe amadziwa mayina a nsomba, a mphepo ndi a makoka amene sanalembedwe m'buku lililonse. Namwino, wapolisi, kalaliki wa ku khoti ndi mlembi wa mfumu, aliyense waona mbiri ya dziko ikudutsa pa tebulo pake. Lembani zimene mukudziwa musanapume pa ntchito. Chezani ndi nkhalamba za m'midzi imene mukutumikira zikadali moyo, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera bwino akakhala pa pepala. Ndipo mukafuna buku, gulani lenileni. Amene ajambula buku la mnzake pa makina nagawira ena walanda mlembi nsima pakamwa.

Potsiriza, inu apampando a nthambi, a dera ndi a boma, amayi ndi achinyamata a chipani: pa misonkhano yathu timalemekeza mafumu, amalonda ndi alendo ochokera ku likulu. Tiyambe kuitananso mphunzitsi wopuma wa m'mudzimo kuti akhale pa mpando wa kutsogolo, ana aone kuti choko chili ndi ulemu. Ndipo mtolankhani kapena mlakatuli akalemba zotiwawa, tisamtumizire anyamata kapena kumuopseza pa foni. Ngati wanama, timuyankhe ndi cholembera ndi umboni, ndipo makhoti alipo. Ngati wanena zoona, tikonze chimene chalakwika. Chipani cholimba sichiopa pepala.

M'mera mpoyamba. Mwana amene adzalembe mbiri ya nthawi yathu ino ali kale m'kalasi ina ya m'mphepete mwa nyanja, wakhala pansi pa fumbi, kope lili pa bondo. Zimene adzalembe za ife zidalira zimene timchitire lero. Tiyeni timpatse mphunzitsi wokhala ndi nthawi yowerenga zolemba zake, mkonzi womuwongolera ndi wosindikiza womutulutsira buku, ndipo akadzakula timsiye alembe ali kwawo kuno, mwaufulu ndi mopanda mantha.